Mpweya Wopanda Fungo

KwaMashu, 2015

Asiyatu mwana wanga,

Usadabwe kulandira kalata kuchokera kwa munthu wogona naye nyumba imodzi. Ukudziwa wekha kuti pakamwa panga sipatsekeka. Kumzikiti amati Che Saidi akayamba nkhani tiyi amazizirira m'makapu, ndipo amayi ako ankati ine ndingathe kucheza ndi mtengo wa magetsi mpaka utandiyankha. Koma pa nkhani iyi yokha lilime landikana. Ndikati nditsegule pakamwa, chotuluka ndi chifuwa. Ndiye ndati ndigwire cholembera, ndi zilembo zokhota zomwe unandiphunzitsa iwe wemwe. Pomwe zapindika uwongole wekha.

Mwezi watha unabwera ndi nkhani yako tili pa chakudya. Unati a ku Jeremani akukuitana ukapitirize sukulu, ukafufuze za galimoto zoyendera mpweya m'malo mwa petulo, zotulutsa madzi kumbuyo m'malo mwa utsi. Unati mbali yako ikakhala yopeza chosungiramo mpweyawo m'galimotomo, choti chisaphulike. Ndinakondwa, mpaka pomwe ndinafunsa kuti mpweya wake ndi uti. Unayang'ana pansi, unatchula dzina lake lakusukulu lija, haidirojeni, kenako unati, "Ndi womwe uja, Ababa. Wa mabaluni." Ndinasamba m'manja n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi iwe tangokhala tikupatsana moni ngati anthu okumana m'takisi. Dzana unaima pakhomo la chipinda changa n'kunena kuti ndikapanda kukuloleza, ndege ija inyamuka mawa yopanda iwe. Ndipo ndikukudziwa, unatengera amayi ako, ukanena watero basi. Chikwama ndachiona, chili kukamwa yasa, zovala zaunjikidwa pambali. Yankho ndikupatsa, koma undilole ndidzere njira yanga. Nkhalamba sidumpha mtsinje, imayenda m'mbali kufuna powolokera.

Ndiyambe ndi khutu langa lakumanzereli, lomwe umalikuwira tsiku ndi tsiku. Nditangofika kuno kudziko la eni kuchokera kwathu ku Ntaja, iwe usanabadwe, ndinapeza ganyu pa kagalaja kena kowotcherera zitsulo ku Prospecton, kuseri kwa fakitale yaikulu ya galimoto ija. Ntchito yanga inali kugubuduza masilinda a gasi ndi kusesa. Kumeneko ndi komwe mkulu wina wachizulu anandiphunzitsa kupaka thovu la sopo pa mapaipi kuti uone pomwe pakudontha, ndi kuima pakhomo n'kuyamba wanunkhiza usanalowe. Mphuno yanga inafika potchuka, ankandinena kuti galu wa bwana. Ndiye tsiku lina ndinapempha dramu yakale yomwe munkakhala mafuta osungunulira penti, ndimati ndipangire mbaula yowotchera chimanga. Ndinaigwedeza, zii. Ndinasuzumira, mdima wokhawokha. Ndinati mulibe kanthu, n'kuikapo makina odulira zitsulo. Chomwe ndikukumbuka ndi kudzidzimuka ndili chagada, nsidze zapita, anthu atandizungulira, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Mkulu uja anagwada n'kundikuwira m'khutu lotsalali kuti chinthu chomwe munagonapo mpweya woyaka sichikhala chopanda kanthu, ngakhale chitakulumbirira. Usaiwale zimenezo, Asiyatu. Kumene ukupitako akadzakuuza kuti silinda iyi yatha, mulibe kanthu, uvomere ndi pakamwa, koma manja ako aziigwira ngati yodzaza.

Galaja ija itatsekedwa ndi pomwe ndinalowa za mabaluni. Anandiphunzitsa Che Jafali, munthu wakwathu, uja unkamuthawa chifukwa cha zala zake zopserera. Unkaona ndikupanga koma unali mwana, mwina sunkatsatira. Timatenga silinda yakale, kuthiramo madzi ndi soda wa kositiki, kuponyamo zitini za zakumwa zoduladula, n'kutseka. Mkatimo mumayamba kuwira, silinda imatentha yosagwirika, ife n'kumaifunditsa masaka onyowa ngati wodwala malungo. Mpweya wotuluka mmenemo ndiwo timapopera mabaluni kuti aziuluka. Che Jafali anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalibwereza mpaka kutopetsa: ntchito iyi ndi yapanja, pamtetete, thambo likukuona. Ankati mpweyawu ndi wopepuka, panja umangothawira kumwamba osavuta munthu, koma ukautsekera umakwiya. Mwezi wa Disembala tinkayenda m'mbali mwa nyanja m'tauni muja, mabaluni ali phwii pamwamba pa mutu, ana akukoka masiketi a amayi awo. Yunifomu yako yoyamba inagulidwa ndi mpweya umenewu. Ndikunena izi kuti usaganize kuti ndinadana nawo chiyambire. Mpweyawu unatidyetsa zaka zambiri usanatidye.

Silinda yanga yoyamba ndinkaikonda moposa muyeso. Chaka chilichonse ndinkaipaka penti yobiriwira, ndinkaipukuta, mvula ikamagwa ndinkaifunditsa jekete langa. Amayi ako ankaitcha mkazi wamng'ono, ndipo ndikachedwa kuseri ankaitana amvekere, kodi akazi anuwo akuloleni mudzadye? Tsiku lina m'mawa ndinaipendeketsa kuti nditsuke mkati, inandipulumuka n'kugunda mwala, pang'ono pokha, mwina ngati momwe mwana amagwera pampando. Chitsulo chikagwa chimaphwanyika mphuno, chimapindika. Iyi ayi, inang'aluka ngati mbiya. Nditayang'ana mkati ndinaona kuti kunja penti ili nyezinyezi, mkati yadyeka, yatsala ngati chikoko cha dzira. Ndipo dzulo lake ndinali nditaikhalira ndikumwa tiyi, iyo ikuwira. Ndinkati ndi soda yekha anaidya. Ndi iwe unadzandiuza patapita zaka, uli kale ku yunivesite, kuti mpweyawu ndi waung'ono kwambiri moti umalowerera m'thupi la chitsulo chenichenicho n'kuchifooketsa, chiziphwanyika ngati bisiketi. Ndinamva ndithu tsiku limenelo. Ndiye mwana wanga, usadzakonde chida mpaka kuleka kuchikayikira. Chinthu chikakhala kuti sichinakulakwirepo, sindiye kuti chakulonjeza. Penti isakunamize.

Za tsache unaseka nditakuuza koyamba, seka kachiwiri. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, ndikupopera mabaluni kuseri kwa nyumba, munthu wina anadutsa ndi ndudu. Sindinamve kanthu, sindinaone kanthu. Ndinangotambasula dzanja kuti nditseke paipi, mkono wa malaya n'kuyaka. Moto unalipo pakamwa pa paipipo, koma masana moto wa mpweya umenewu suoneka, ulibe utsi, ulibe mtundu. Chipsera chake ndi ichi umachiona pachigongono. Kuyambira pamenepo ndikamayandikira silinda ndinkatsogoza tsache la udzu, ngati wakhungu ndi ndodo, kuti ngati pali moto liyambe kupsa ndi tsachelo. A MaDlamini, eni nyumba athu, ankati m'Malawi uyu wayamba ufiti masana. Unandiuza kuti kusukulu kwanuko kuli makina padenga omwe amalira akamva mpweyawu. Zikomo kwambiri kwa amene anawapanga. Koma uzifunsa kuti makinawo anawayesa liti, ndipo anawayesa ndani. Mlonda naye amagona.

Tsopano ndafika powolokera paja. Ukuchidziwa chaka chake, 2008, nyengo yozizira ija pomwe eni dziko ankasaka ife alendo m'makomo. Unali ku sekondale nthawi imeneyo. A MaDlamini, Mulungu awasunge, anakutenga kukakugoneka m'nyumba yaikulu, n'kuuza oyandikana nawo kuti ndiwe Zanele, mwana wa mchemwali wawo. Ine ndi amayi ako anatiuza kuti tisaonekere pabwalo, tisayanike ngakhale chitenje, ndipo tisamveke tikulankhula chakwathu. Ankatifunira zabwino. Tinadzitsekera m'kachipinda kathu ka kuseri, ming'alu ya chitseko ndi ya zenera tinaitseka ndi sanza kuti mawu asatuluke. Ine wolongolola uja ndinasanduka wolankhula ndi maso. Amayi ako akafuna mchere ankangoloza. Tinakhala choncho mpaka ufa unatha, ndipo apo mpamene bambo wina wa sitolo m'tauni anatumiza uthenga kuti akufuna mabaluni a phwando la mwana wake.

Ndinalidziwa lamulo la Che Jafali, Asiyatu. Sindinaliiwale ayi. Ndinaima pakati pa chipinda ndi kuyeza mantha awiri: kutulutsa silinda pabwalo, pomwe aliyense wodutsa akanaona mkwerekwere, monga amatinyozera alendofe, akugwira ntchito yake, kapena kuilowetsa m'nyumba. Anthu ndinkawaona ndi maso, zikwanje zawo ndinkazimva usiku. Mpweya sindinkauona. Ndiye ndinaopa chooneka. Ndinapangira mkati, chitseko chotseka, amayi ako ali kwa a MaDlamini kukakuona iwe. Ndinapopa mabaluni, ndinamanga paipi ndi mphira ya chubu, silinda ikadali yofunda, ikuwirabe pang'onopang'ono, n'kutuluka mothamanga kuti ndikafike anthu asanachuluke m'misewu. Pachipata ndinakumana ndi amayi ako akubwerera. Ndikanangonena mawu ochepa, ndikanangoti musayatse moto, tsegulani chitseko kaye. Koma pamsewu panali anyamata ataima, ndipo ife tinali titazolowera kusatsegula pakamwa. Ndinangowagwedezera mutu, iwo n'kundigwedezeranso. Ndiko kutsanzikana kwathu kumeneko.

Zotsalazo anandiuza ndi a MaDlamini, omwe ankaona pazenera. Akuti amayi ako atatsegula chitseko anaona silinda ili mkati, anaima pakhomo n'kununkhiza, monga momwe ndinawaphunzitsira ine mwini, kuyambira masiku a ku Prospecton. Ananunkhiza kawiri. Kenako analowa, anatseka chitseko monga tinkachitira masiku amenewo, n'kutenga machesi kuti ayatse pulaimasi, akuphikire phala. Mpweya wonse unali utasonkhana pansi pa malata, ulibe potulukira chifukwa cha sanza zathu zija. Iwe unangomva kugunda, n'kuona denga lili kwa oyandikana nawo. Kuchipatala sanakulole kulowa, ndipo zomwe amayi ako ananena kumeneko sindinakuuzepo, chifukwa nthawi zonse ndikafika pamenepa mawu amatha. Anali atawakulunga nsalu nkhope yonse, kutsala milomo. Ndinaika khutu langa labwinoli pafupi, ndikuyembekeza kuti andinena. Iwo anati, "Komatu ndinanunkhiza, abambo a Asiyatu. Sikumanunkha kanthu." Ankapepesa, mwana wanga. Ankaganiza kuti alakwitsa ndi iwo. Dzuwa lisanalowe anali atapita.

Ndiye umve apa, chifukwa ngati uiwale zonse za m'kalata muno, ichi chokha usaiwale. Amayi ako sanaphedwe ndi umbuli. Lamulo tinkalidziwa. Anaphedwa ndi mantha oopa anthu, omwe anatitseketsa chitseko ndi kutitseka pakamwa. Kumene ukupitako ukakhala wekha, wakuda, wamkazi, wa mpango kumutu, chilankhulo chawo ukuchitola chimodzichimodzi. Lidzafika tsiku loti waona china chake sichili bwino, paipi yamangidwa mwachidule, kapena wamkulu wina akufulumiza ntchito kuti akaweruke, ndipo mtima udzakuuza kuti khala chete, ndiwe mlendo, angakuone ngati wovuta, angakubweze kwanu. Tsiku limenelo ukumbukire ine pachipata paja ndikugwedeza mutu. Ulankhule. Chijeremani chikakuthawa ulankhule Chingerezi, chikathawanso ukuwe m'Chichewa, amva ndithu kuti pali vuto. Munthu akakunyoza mawa kumacha. Mpweya uja sunyoza, sudziwanso kuti uyu ndi mlendo, uyu ndi mwini dziko.

Ndinaleka mabaluni kuyambira tsiku limenelo, ukudziwa. Ndinapita ku Hillcrest kukadula kapinga ndi kuthirira maluwa a anthu, ntchito yoti chinthu choopsa kwambiri ndi galu wa bwana. Iwe unasiya kuseka, unangolowa m'mabuku ngati munthu wolowa m'phanga. Ndinkati ukuthawa chisoni, ndipo ndinkauza anzanga kumzikiti kuti mwana wanga adzakhala namwino kapena mphunzitsi. Sindinadziwe kuti zaka zonsezi unali kulondola mapazi a chinthu chomwe chinatenga amayi ako. Apa ndiye pali nkhawa yanga ina. Ngati ukupita ndi mkwiyo, ngati ukupita kukabwezera, uusiye mkwiyowo pabwalo la ndege. Munthu wokwiya amafulumira, ndipo ntchito imeneyi sifuna wofulumira. Tsiku lomwe wadzuka mtima uli kwa amayi ako, maso ali ndi misozi, usakhudze silinda. Ukasese, ukalembe, ukatsuke mabotolo, ukachite china chilichonse. Ndiponso usamagwire wekha m'chipinda chotseka pofuna kuonetsa kuti ndiwe wakhama kuposa eni dziko. Pazikhala munthu wina woti amve ukaitana.

Uja usiku unkayesa kundifotokozera, ine nditakutembenukira msana, unkaganiza kuti sindikumva. Ndinali nditagonera khutu lakufali, labwinoli lili m'mwamba. Unati m'malo moupanikiza mpweyawo m'silinda mpaka chitsulo kulira, mukufuna ufa wina wa zitsulo womwe umaumwa ngati momwe mchenga umamwera madzi, n'kukhala nawo phee, ndipo umautulutsa pang'onopang'ono pokhapokha ukaufunditsa. Unati thanki yotere ngakhale itabooka pangozi, mpweya sutuluka wonse kamodzi. Unati vuto n'lakuti ufa womwe ulipo panopa wina ndi wolemera kwambiri kwa galimoto, wina umaumira mpweyawo osafuna kubweza, ndiye mukufunafuna wabwino. Ndinamva zonsezo. Ndinamvanso pomwe unatsitsa mawu n'kunena kuti ufa winawo ukakumana ndi mphepo wamba umatha kuyaka wokha, moti mumaugwirira m'bokosi lagalasi, manja muli m'magolovesi. Ehe, ndinati mumtima, nayenso ali ndi khalidwe lake. Ndiye magolovesiwo uziwayang'ana m'mawa uliwonse ngati momwe amayi ako ankasankhira mpunga, osadumpha ndi kamwala komwe.

Chomwe chandithyola khosi ndikuuze. Lachisanu pochoka ku swala kumzikiti ndinadzera kumsika wa m'tauni, ndipo ndinaona bambo wina akukankha ngolo, pangolopo silinda yopaka penti yofiira, mabaluni pamwamba, mkazi wake akuyenda pambali ndi mwana kumbuyo. Sindinafunse kuti ndi wakuti, kayendedwe kokha kanandiuza. Ndinamuyandikira n'kumunong'oneza kuti achimwene, musadzapangire m'nyumba. Anandiyang'ana ndi mantha, anavomera m'Chizulu kuti yebo baba, n'kukankha ngolo yake mofulumira. Chaka chino zosaka alendo zija zayambiranso, ndiye sindikumuda. Ndinaima pamenepo mpaka anazimiririka, ndipo ndinaona kuti kukhala chete kwanga, ndi kudula kwanga kapinga ku Hillcrest, sikunachotse mpweya uja padziko. Ulipo, ukuyenda pangolo pafupi ndi mutu wa khanda. Ndipo ngati ukunena zoona kuti mtsogolo muno mpweyawu udzalowa m'galimoto, pansi pa mpando pomwe pamakhala ana, ndiye chosungiramocho apange ndani? Anzako kumeneko akaudziwa mpweyawu m'mabuku. Iwe unauona utanyamula denga la nyumba yanu. Ndikadakhala kuti ndikusankha ndine munthu woti ndimukhulupirire pa ntchito imeneyi, ndikanasankha woudziwa choncho. Kungoti ndinkafuna akhale mwana wa munthu wina.

Pita, Asiyatu. Ndakuloleza. Ndalemba ndi dzanja langa, ndipo mawa ndinenanso ndi pakamwa kuti usadzati Ababa anangolemba. Longedza zovala zija, jekete lochindikala uike pamwamba, akuti kumeneko kuzizira kwake si kwa ku Dedza.

Koma pali china chomwe sukunena, ndipo ine ndikuchiona m'mene umayang'anira mapiritsi anga a mtima pawindo paja, n'kumawerenga ndi maso ngati ndamwa. Ukuopa kuti ukachoka ndidzatsala ndekha, ndipo uthenga udzakupeza uli kutali. Tisanamizane, ine ndi iwe ndife akuluakulu. Zikhoza kutero. Zaka zomwe ukukakhala kumeneko ndi zambiri kwa mtima ngati wangawu. A MaDlamini alipo, abale akumzikiti alipo, sindidzasowa wonditseka maso kapena wondinyamula. Ndipo ukudziwa mwambo wathu, ife sitigoneka maliro. Ukadzamva uthenga, ndidzakhala nditalowa kale m'nthaka ndege yako isanapezeke n'komwe. Choncho ndikukulamula, ndipo ili ndi lamulo la bambo ako, osati pempho: usadzasiye ntchito pakati n'kuthamangira kuno kudzaona mulu wa dothi. Udzatseke bwino zonse zomwe unatsegula tsiku limenelo, udzauze anzako kuti ukuchoka, udzapite kuchipinda chako, udzatichitire duwa, pemphero lathu lija, ine ndi amayi ako. Zikwanira. Kuno udzabwere utamaliza, Mulungu akalola udzandipeza, akapanda kulola udzapeza a MaDlamini akusonyeze pomwe ndili.

Ndiye mawa ndikuperekeza mpaka pomwe amalekezera operekeza. Usadzathamangire kulowa ngati anthu ozolowera maulendo, ayi. Udzaike chikwama pansi. Udzandigwire dzanja, tidzaime pamenepo nthawi yaitali, anthu azitilambalala, ndikuyang'ane mpaka ndikhute. Kutsanzikana kwathu ndi kumeneko, mwana wanga, ndipo ndikufuna tikuchite bwinobwino, tonse tili maso.

Ndine bambo ako,
Saidi